Mastazi ya ulimi wa nsomba: ku Bunda kapena kunja?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi digiri yoyamba ya zaulimi ndipo ndagwira ntchito ya ulangizi kwa zaka zinayi. Ndikufuna kuchita mastazi ya ulimi wa nsomba, koma achibale akundikakamiza kupita ku Britain, ati pepala lakunja limalemera. Ndaonanso pa Facebook sukulu ina yomwe ikulonjeza mastazi ya pa intaneti m'miyezi yowerengeka. Kodi ndilowere kuti? Ndine mlangizi wa ku Salima.

YANKHO: Alangizi, tiyambe ndi sukulu ya pa Facebook ija chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Musalipire ngakhale tambala musanafunse ku bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE ku Lilongwe, lomwe limavomereza sukulu ndi maphunziro ake m'dziko muno komanso kuunika mapepala ochokera kunja. Pepala lomwe bungweli silikulizindikira silingakukwezeni pantchito m'boma.

Tsono pa mastazi, makamaka yokhala ndi kafukufuku, chomwe mukusankha kwenikweni si dzina la yunivesite ayi, koma mphunzitsi yemwe adzakuyang'anireni kufikira mutamaliza. Fufuzani zomwe iyeyo walemba posachedwapa, mulembereni kalata yomufotokozera funso lomwe mukufuna kulifufuza, ndipo mufunse ophunzira ake akale ngati amawerenga ntchito yawo ndi kuwayankha pa nthawi yake. Ena omwe mastazi ya zaka ziwiri idawatengera zaka zinayi sadalephere mayeso, koma adakhala miyezi akudikira ndemanga pa chaputala chimodzi.

Ngati mtima wanu uli pa makumba, chilunguni ndi mlamba za m'madamu a alimi omwe mumawayendera, ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, pa kampasi ya Bunda, musakupeputse, pakuti kumeneko kudakhazikitsidwa likulu la maphunziro a nsomba lotchedwa AquaFish ndi thandizo la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo kudakopa ophunzira ochokera m'maiko ena a mu Africa. Malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Domasi nawonso ali konkuno, ndiye kuti nsomba, madzi ndi chakudya chomwe mudzayesere ndi zomwezo zomwe alimi anu ali nazo.

Izi sizikutanthauza kuti achibale anu alakwiratu. Yunivesite ya Stirling ku Scotland ndi yodziwika padziko lonse pa ulimi wa zamoyo za m'madzi, ndipo mastazi yophunzitsidwa m'kalasi ku Britain nthawi zambiri imatha chaka chimodzi. Vuto ndi ndalama. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja omwe amalipira fizi m'ndalama zakunja adaona zakuda, choncho ife sitingakulimbikitseni kugulitsa puloti kapena ng'ombe kuti mupite. Pitani ngati mwapeza sikolashipu yolipira zonse. Ya Chevening, yomwe ndi ya boma la Britain, imafuna munthu yemwe wagwira ntchito zaka zosachepera ziwiri, zomwe inu mwakwanitsa kale, ndipo imalamula kuti mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Palinso ya Commonwealth, komanso ya Beit Trust yomwe imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Njira yomwe ambiri amaiiwala ndi ya ku South Africa, komwe yunivesite ya Rhodes ku Makhanda ili ndi nthambi yakale ya maphunziro a nsomba. Kumeneko digiri yanu iyenera kuyamba yaunikidwa ndi bungwe loona za mapepala a maphunziro m'dzikomo la SAQA, ndipo mwina angakuuzeni kuti muyambe ndi chaka cha Honours, maphunziro a pakati pa digiri yoyamba ndi mastazi, zomwe zikutanthauza fizi ndi lendi ya chaka china chathunthu.

Ife tikadakhala inu, tikadalembera ku Bunda ndi ku Chevening chaka chomwecho, kenaka n'kukaonana ndi abwana kuntchito msanga za tchuthi cha maphunziro, chifukwa chilolezo chimenechi chimatenga nthawi kutuluka.