Pagulu la chesi sandiwerengera chifukwa rating yanga ndi yotsika: yankho kwa mnyamata wa ku Lilongwe

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Lilongwe amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Akulu, ndinayamba chesi chaka chatha pa foni. Kenaka ndinalowa gulu la pa WhatsApp la osewera chesi, ndipo Loweruka timakumana n'kusewera pa bolodi. Vuto n'lakuti pagulupo munthu amadziwika ndi rating yake, nambala yosonyeza mphamvu zake pa chesi. Wa 1900 akayankhula onse amatchera khutu. Ine wa 1300 ndikalemba kanthu palibe woyankha, ndipo madolo safuna kusewera nane. Pano ndikumasewera bullet, magemu othamanga a mphindi imodzi, mpaka 2 koloko usiku kuti nambala ikwere. Bandulo ikutha, kuntchito ndikuwodzera, ndipo tsiku lina ndinatsala pang'ono kutsegula Stockfish pa foni ina kuti izindiuza zochita. Kodi ndingosiya chesi, kapena ndilimbikire mpaka adzandione?"

Achimwene, ndiyambe ndi za Stockfish, pulogalamu ya kompyuta yosewera chesi, chifukwa ndi zimene zandidetsa nkhawa kwambiri. Chonde musayerekeze. Lichess ndi Chess.com, masamba osewererapo chesi pa intaneti, amayerekeza masewero anu ndi a kompyuta, amaonanso nthawi imene mukutenga musanasunthe, ndipo akakugwirani amaika chizindikiro pa akaunti yanu chimene aliyense amachiona. Pagulu laling'ono ngati lanulo, screenshot imodzi ndi yokwanira kuti nkhani ifike kwa onse dzuwa lisanalowe. Kumbukani za Hans Niemann. Mu 2022, pa mpikisano wa Sinquefield Cup ku St. Louis, iye anagonjetsa Magnus Carlsen, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse, Carlsen n'kutuluka mu mpikisanowo. Palibe umboni umene unapezeka woti Niemann anabera pa gemu imeneyo, koma anavomera yekha kuti anaberapo pa intaneti ali ndi zaka 12 komanso 16, ndipo zimenezi zinakwanira kuti anthu ambiri azimukayikira ngakhale pamene wapambana ndi mutu wake. Inu mukufuna ulemu pagulu, ndipo njira imeneyi imalanda ngakhale ulemu wochepa umene muli nawo kale.

Tsopano tione nambala ikukusowetsani tuloyi. Anaiyambitsa ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa physics wobadwira ku Hungary amene ankakhala ku America, ndipo bungwe la chesi la dziko lonse, FIDE, linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1970. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kulosera zotsatira za masewero. Ngati mnzanu akukuposani ndi 200, masamu a Elo amati pa mapointi 100 iye atenga pafupifupi 76. Akakuposani ndi 400, atenga pafupifupi 91. Apa pali chinthu chimene mwina simunachiganizire. Wa 1900 akasewera ndi inu gemu yowerengedwa, akapambana sapindula pafupifupi chilichonse, koma akangophonya kamodzi n'kugonja, nambala yake imagwa kwambiri. Choncho ena mwa amene akukuthawaniwo sakukunyozani ayi. Ali ndi mantha, akuteteza nambala yawo monga mmene inu mukuthamangitsira yanu. Ndikunena izi kuti muleke kuganiza kuti inu nokha ndi amene mwagwidwa ndi matendawa.

Dziwaninso kuti manambalawa safanana. Lichess imayambitsa munthu watsopano pa 1500, ndipo kawirikawiri rating ya kumeneko imakhala yokwererapo kuposa ya pa Chess.com, pamene ya FIDE, imene munthu amaipeza posewera pa bolodi m'mipikisano yovomerezeka, ndi ina kotheratu. Amene akuzitenga ndi 2000 ya blitz (magemu a mphindi zochepa) ya pa foni mwina alibe n'komwe rating ya FIDE. Ndipo pamwamba pake pali ena ambirimbiri: udindo wa FIDE Master umafuna 2300, International Master 2400, Grandmaster 2500, pamene Carlsen anafika 2882 mu 2014, nambala imene palibe wina anaifikapo. Kuno kum'mwera kwa Sahara woyamba kukhala Grandmaster anali Amon Simutowe wa ku Zambia, mu 2009. Ngati mwatsimikiza kuti mudzakhala ndi mtendere tsiku limene sipadzakhala wokuyang'anirani pansi, tsikulo silidzafika, chifukwa wa 1900 uja akapita pa mpikisano waukulu amakhalanso pakona osayankhulidwa.

N'chifukwa chiyani anthu okonda chinthu chimodzi, amene amayenera kukondana, amakhala oyamba kuikirana malire? Maganizo anga ndi awa. Ambiri mwa ife okonda chesi, makompyuta, makatuni a ku Japan kapena mabuku, kusukulu sitinali otchuka. Otchuka anali omenya mpira ndi ovina. Munthu wotere akapeza malo amene mutu wake ukuwerengedwa, amawagwira ndi manja awiri, ndipo ena amayamba kulondera pakhomo kuti asalowe aliyense. Mudzaona mlendo akangofika, asanakhale n'komwe pansi, wina amamuponyera funso la njira zoyambira gemu: "Ukakumana ndi Sicilian umayankha bwanji?" Akati sakudziwa, maso amatembenukira kwina. Akati amasewera London System, wina amaseka kuti imeneyo ndi ya aulesi osafuna kuwerenga. Mayina monga Najdorf ndi Caro-Kann amatchulidwa mokweza kuti mlendo amve kuti sanafike. Khalidwe limeneli limandinyansa, ndipo limapweteka kwambiri atsikana, amene amafunsidwa mafunso otere kawiri kuposa anyamata ngati kuti mayi Judit Polgár sanalowepo m'gulu la osewera 10 apamwamba pa dziko lonse, amuna ndi akazi pamodzi. Koma dziwani kuti pagulu lililonse olondera pakhomowa amakhala ochepa. Amangomveka kwambiri chifukwa ndiwo amalemba pafupipafupi.

Za kutengeka mtima, sindikuuzani kuti muchepetse kukonda chesi. Palibe amene anafika patali pa masewerowa osatengeka nawo. Koma kutengeka kulipo kuwiri, ndipo mungadziyese nokha usiku uno. Mukagonja, chala chanu chimapita kuti? Ngati chimabwerera pa gemu ija kuti muone pamene zinasokonekera, ndiye kuti mwakonda chesi. Ngati chimathamangira kufuna wina woti musewere naye msangamsanga kuti mubweze mapointi 8 amene mwataya, chimene chakugwirani ndi nambala, ndipo chesi yangokhala njira. Kachiwirika n'kofanana kwambiri ndi kubetcha: mwataya, mukufuna kubweza, mwatayanso, mtima ukutentha, maso akulemera, ndipo pofika 2 koloko mwatsika ndi 100. Bullet ya mphindi imodzi siphunzitsa munthu wa 1300 chilichonse kupatula kusuntha chala mwachangu. Zolakwa zomwezo mumazibwereza kambirimbiri mpaka zimakhazikika m'manja.

Anthu amakonda kutchula Bobby Fischer ngati umboni woti uyenera kutaya zonse chifukwa cha chesi. N'zoona kuti anasiya sukulu ali ndi zaka 16, ndipo mu 1972 anagonjetsa Boris Spassky ku Reykjavik n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Koma amaiwala kunena zotsatira zake: sanateteze udindowo mu 1975, anakhala zaka 20 osasewera pagulu, anadana ndi anthu ambiri amene ankamufunira zabwino, ndipo anamwalira mu 2008 ku Iceland, kutali ndi kwawo. Carlsen naye anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2013, koma mu 2022 analengeza kuti sadzatetezanso udindo wake chifukwa analibenso chilakolako chochita zimenezo, ndipo mpaka lero akusewerabe chesi. Ntchito imene ikukugulirani bandulo ndi chakudya musaiike pachiswe chifukwa cha gulu la pa WhatsApp.

Funso lanu lili ndi njira ziwiri zokha, kusiya kapena kulimbikira mpaka akuoneni, ndipo zonse ziwiri zikudalira maganizo akuti malo pagulu amagulidwa ndi rating. Ine ndikukana. Taonani pa bawo pansi pa mtengo kumsika. Osewera ndi awiri, koma ozungulira ndi khumi, ndipo pali mkulu wina amene sapambana kawirikawiri, koma ndi iye amasunga bawolo, ndi iye amadziwa amene wadwala, ndi iye amaitana mnyamata woima kumbuyo kuti akhale ayeseko. Tsiku limene sabwera onse amafunsa. Ku chesi n'chimodzimodzi. Rating imakupatsa mantha a anthu ndi chidwi chawo kwa kanthawi. Kukhala wa pagulu kumabwera ndi kupezeka Loweruka lililonse, kuyala mabolodi, kugwirana chanza utagonja, ndi kukhalabe pampando gemu itatha.

Mfundo yomalizayi ndiitambasule, chifukwa ndi pamene pali khomo lanu. Osewera pa bolodi ali ndi mwambo woti gemu ikatha, awiriwo amabwezeretsa zidutswa n'kuyamba kuunika pamodzi: "Apa ndikanasuntha hatchi m'malo mwa bishopu, mukanatani?" Ena amayandikira, manja anayi kapena asanu amalowa pa bolodi, wina akuti iyi siyenda, wina akuonetsa chifukwa chake. Pa nthawi imeneyo palibe amafunsa nambala. Foni simungakupatseni zimenezi, ndipo n'chifukwa chake masewero 50 a usiku sanakusendezeni kufupi ndi aliyense.

Ndiye chitani chonchi. Siyani bullet kwa mwezi wathunthu. Madzulo sewerani gemu imodzi kapena ziwiri za mphindi 15, ndipo iliyonse muiunike nokha musanafunse kompyuta. Gemu imene yakupwetekani kwambiri muilembe m'kope. Loweruka musalembe pagulu ponse, pitani kwa munthu mmodzi, amene mwaona kuti ndi wofatsa, mumuyalire malo amodzi a gemu ija n'kumufunsa kuti, "Achimwene, apa ndinadya pawn iyi ndipo zinthu zinaipa, inu mukanatani?" Dolo amene sayankha moni wa pa WhatsApp nthawi zambiri amalephera kudziletsa akaona bolodi ili ndi funso lenileni, chifukwa chimene chinamubweretsa ku chesi poyamba ndi chomwecho. Mukapempha kusewera naye, nenani kuti ikhale gemu yosawerengedwa, kuti mantha aja achoke. Kukabwera watsopano wosadziwa kanthu, mulandireni inuyo. Wa 1300 ali ndi zambiri zophunzitsa woyamba kumene, ndipo mwina amafotokoza bwino kuposa wa 2000 chifukwa akukumbukirabe pamene pankamuvuta. Mukamva kuti bungwe la Chess Association of Malawi lakonza mpikisano pafupi, lembetsani ngakhale mukudziwa kuti mukagonja magemu ambiri, chifukwa kumeneko mukadziwana ndi osewera a magulu ena.

Ngati mwachita zonsezi kwa miyezi ingapo koma pagulupo anthu akupitirizabe kukusekani ndi kukutchulani mayina, tulukanipo mosachita phokoso. Lilongwe ndi wamkulu, ndipo bolodi imodzi ndi anzanu atatu ndi okwanira kuyamba gulu lina. Pakali pano lowani pa Lichess, pitani pomwe pali zosintha za maonekedwe, muzimitse zoonetsa rating. Mukatero simuonanso nambala yanu kapena ya amene mukusewera naye, ndipo ikafika 10 koloko foni muiike kutali ndi bedi.