Kamera yoona zobisika kuseri kwa ngodya ilipodi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti pali kamera yoona chinthu chobisika kuseri kwa khoma, n'kumachionetsa pompopompo pamene chikuyenda. Eya ilipo, koma siiboola khoma ayi. Imadalira kuwala kolambalala, ndiye pafunika mpata, monga chitseko chotsegula kapena pangodya.

Laser, nyali yotulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi, imaphethira kakanthawi kochepetsetsa pakhoma limene kamera ikuliona. Khoma si kalilole, limamwaza kuwala mbali zonse. Kwinako kumakagunda chinthu chobisikacho, kubwerera pakhoma paja, kenako n'kulowa m'kamera. Nkhani yonse yagona pa nthawi. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kutanthauza masentimita 30 pa kagawo kamodzi, sekondi mutaigawa ka 1 biliyoni. Mukadziwa nthawi imene kwatenga, mwadziwanso mtunda umene kwayenda, ngati munthu wokuwa pafupi ndi phiri n'kumamvetsera kuti mawu ake abwerera liti. Laser ikaunika malo ambirimbiri pakhomapo, kompyuta imalumikiza mitunda yonseyo n'kuumba maonekedwe a chinthucho. Andreas Velten ndi anzake a gulu la Ramesh Raskar ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa zimenezi mu 2012.

Mawu anu akuti "pompopompo" ndiwo akhala akuwatulutsa thukuta akatswiriwa. Kuwala kukamwazika katatu konse, kobwerera kumakhala kochepa zedi, moti kale ankadikira nthawi yaitali kuti apeze chithunzi chimodzi cha chinthu chongokhala phee. Zinathandiza ndi ziwiri: timaso ta kamera totchedwa SPAD, totha kumva ngakhale kadontho kamodzi ka kuwala, ndiponso masamu achidule. Mu 2018 gulu la Gordon Wetzstein ku yunivesite ya Stanford linapeza njira yowerengetsera mwachangu kwambiri, ndipo mu 2021 gulu la Velten ku yunivesite ya Wisconsin linafika pa zithunzi 5 pa sekondi. Filimu ya ku sinema imakhala ndi 24, choncho kanemayo ngwodukizadukiza, koma kuyenda kwa chinthu kumaoneka.

Ine imandigwira mtima kwambiri ndi njira ina, ya Ori Katz ndi Yaron Silberberg a ku Weizmann Institute ku Israel, ya mu 2012 momwemo. Iwo sanayeze nthawi. Anaika kachipangizo kowongola kuwala komwazikako, mpaka pepala wamba linayamba kugwira ntchito ngati kalilole. Chovuta n'chakuti chipangizocho uyenera kuyamba wachitchuna ndi kanyali koikidwa kumalo obisikawo, komanso dera looneka ndi laling'ono.

Musayembekezere kuzindikira nkhope ya munthu. Chimatuluka ndi chimbuuzi choonetsa kuti apa pali munthu, wakweza mkono, akulowera uku. Kwa ine n'zokwanira kale kuti ntchitoyi ilimbikiridwe, chifukwa galimoto yodziwa kuti mwana akuthamangira mumsewu kuchokera kuseri kwa nyumba siifunika kudziwa kuti mwanayo ndi ndani kuti igwire mabuleki. Chatsala n'chakuti zipangizozi zichepe, zitsike mtengo, ndipo zizipirira dzuwa, limene kuwala kwake kumakwirira kuwala kwa laser kobwererako.