Funsani Tikuyankheni: Khobidi lakale la ku Spain, lenileni kapena feki?

Akonzi, ine ndimagwira ntchito ku Cape Town ndiye mnzanga wina akufuna kundigulitsa khobidi lasiliva akuti linavuulidwa m'sitima yomwe inamira kalekale. Mbali imodzi pali mutu wa munthu wamphuno yaikulu ndi mawu oti CAROLUS IIII DEI GRATIA 1795, mbali inayo pali zipilala ziwiri, 8R ndi zilembo F.M. Akuti ndisachedwe poti palinso wina akulifuna. Ndidziwa bwanji kuti si feki?
Wowerenga, Cape Town

Achimwene, ndalama yanu muigwire kaye m'thumba. Zomwe mwafotokozazo zikugwirizana ndithu ndi khobidi la 8 reales (ndilo tanthauzo la 8R uja) la mfumu Carlos IV wa ku Spain. Yang'anani pafupi ndi 8R, mukapeza M yokhala ndi ka o pamwamba ndiye kuti linasulidwa ku Mexico City. F.M. ndi zilembo za akuluakulu oyesa siliva pamalo osulirapo ndalamawo ndipo m'chaka cha 1795 zinalidi zimenezo. Ndiye mpaka apa palibe chokayikitsa. Koma opanga feki nawo amakopera khobidi lenileni, zilembo kukhala zolondola si umboni ayi.

Nkhani ya sitimayo ndi yomwe ikundikayikitsa. N'zoona kuti kufupi ndi Cape Town kunamira sitima ya Adatchi yotchedwa Reijgersdaal mu 1747 itanyamula makobidi a ku Mexico, koma amenewo analibe mutu wa mfumu, anali a zipilala ndi mipira iwiri ya dziko. Mutu unayamba kuikidwa mu 1772. Ndiye mnzanuyo atchule dzina la sitima ndi chaka chomwe inamira, akatchula chaka cha m'mbuyo mwa 1795 nkhani yathera pomwepo. Komanso siliva amene wakhala m'madzi amchere zaka mahandiredi amadyeka, amakhala ndi timaenje ndipo amapepuka, sakhala wosalala waphee.

Tsopano chitani izi. Pitani nalo kwa osula mphete kapena pashopu ya pinyolo, iwowo amakhala ndi kasikelo kadijito koyeza mpaka 0.01 gramu. Khobidi limeneli likamatuluka latsopano linkalemera magalamu 27.07, ndiye lomwe layenda m'manja mwa anthu limatsikako pang'ono, mwina 26.5 mpaka 27. Mukapeza 24 kapena 22 koma zojambula zonse zikuoneka bwinobwino lisiyeni, silingataye siliva wochuluka choncho nkhope ya mfumu ili yosafufutika. Kukula kwake ndi mamilimita 38 mpaka 40. Maginito asalikoke ngakhale pang'ono, koma musadalire maginito okha chifukwa kopa ndi mtovu nazonso sizikokedwa ndipo mafeki ambiri ndi kopa wokutidwa ndi siliva.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya madzi. Ikani kapu ya madzi pasikelo muibweze pa zero, mangani khobidilo ndi ulusi n'kuliviika lonse osakhudza pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala yomwe sikelo ionetse izikhala pafupi ndi 2.6. Gawani kulemera kwa khobidi ndi nambala imeneyo, siliva wa mtundu uwu amapereka pafupifupi 10.3 pomwe kopa amathera cha pa 8.9. Palibe kukanda, palibe kuthira asidi, khobidi silionongeka.

Kenako m'mphepete, apa ndi pomwe akuba ambiri amagwidwira chifukwa anthu amatanganidwa ndi nkhope ya mfumu. Makobidi a mutuwa m'mphepete mwake muli timizere tozungulira ndi timakona anayi tosinthanasinthana mpaka kuzungulira. Makina ake ankagudubuza khobidi pakati pa zitsulo ziwiri, ndiye pamakhala malo awiri oyang'anizana pomwe zojambulazo zimalumikizana mokwerana pang'ono. Mukaona m'mphepete mosalala, kapena timizere towongoka ngati ta makobidi a masiku ano, kapena kamzere kodutsa pakati ngati zidutswa ziwiri zomatidwa, limenelo mulikayikire, mwina linathiridwa m'chikombole. Jambulani ndi foni muzume, lachikombole limaonetsa timatuza ndipo zilembo zake zimakhala zofewa m'makona. Liikeninso pansonga ya chala muligogode pang'ono ndi pensulo, siliva wosulidwa amalira nthawi yaitali pomwe feki amangoti phu.

Za mtengo ndikuuzeni mosabisa, Mexico inkasula mamiliyoni a makobidi amenewa chaka chilichonse ndiye ngakhale litakhala lenileni si losowa, musalipire ngati mukugula nyumba. Ngati mtengo wake ndi waukulu uzani wogulitsayo alitumize ku NGC kapena PCGS, makampani a ku America omwe amayesa makobidi n'kuwatsekera m'kapulasitiki kokhala ndi nambala yoti mutha kuifufuza pa intaneti. Akakana ndi kumangokufulumizitsani, musagule.

Malemu abambo anga anandisiyira khobidi lopindikapindika, silozungulira bwino, lili ndi mtanda komanso timikango ndi tinyumba tansanja. Anzanga akuti ndi chitsulo chachabe poti ndalama yeniyeni imakhala yozungulira. Zoona?
Mayi wa ku London

Mayi, anzanuwo alakwitsa. Makina asanafike mu 1732 ku Mexico, makobidi ankadulidwa ku chidutswa chachitali cha siliva n'kumenyedwa ndi hamala pamanja, Asipanishi amawatcha macuquina pomwe ogulitsa a Chingelezi amati cob. Chofunika chinali kulemera osati kukongola, n'chifukwa chake chaka kapena dzina la mfumu kawirikawiri sizioneka zonse. Timikango ndi tinyumbato tikuimira León ndi Castilla, maufumu akale a ku Spain. Fufuzani chilembo P, ngati chilipo pamakobidi a mtundu uwu kawirikawiri ndi Potosí, ku Bolivia wa lero, komwe siliva wake ankakumbidwa ndi eni dziko mokakamizidwa ndipo ambiri anafera m'phiri la siliva la kumeneko. Kumenekonso kunabuka chinyengo chachikulu mu 1649 osula atagwidwa akuchepetsa siliva, mpaka mfumu Felipe IV inalamula kuti kaonekedwe ka khobidi kasinthidwe, ndipo atsopanowo anayamba kusulidwa mu 1652.

Makobidi amenewa ndi ovuta kuwatsimikiza kuposa ozungulira aja poti ambiri anametedwa m'mbali. Chinthu chimodzi chothandiza n'chakuti awiri enieni safanana ndendende, ndiye mukapeza pa intaneti lina lofanana ndi lanu mpaka ming'alu ndi makona omwe, onse achokera m'chikombole chimodzi. Ku London ogulitsa makobidi akale alipo ambiri, litengereni kwa awiri osiyana mumve zomwe anene.

Langa lada bii ndipo lili ndi tizilembo tachitchaina todindidwa paliponse, ndilikweche ndi phulusa?
Mnyamata wa ku Blantyre

Ayi ndithu aise, usalikweche ndi phulusa, sitiliwulu kapena mankhwala otsukira mano, ogula amaona msanga khobidi lokwechedwa ndipo mtengo umagwa pompo. Kudako n'chilengedwe cha siliva wakale. Tizilemboto ankadinda amalonda a ku China akayesa siliva n'kukhutira naye, poti makobidi ambiri a ku Mexico ankawoloka nyanja kuchoka ku doko la Acapulco kupita ku Manila, ku Philippines, mpaka 1815, ndipo alipo osonkhanitsa amene amafuna otere kumene. Opanga feki nawo anaphunzira kudinda tizilembo timeneti, ndiye lipititse pasikelo ngati ena aja, ndipo uzilisunga pouma m'kaenvelopu kapepala.