Achemwali, njira ya oyenda pansi nayo imagwetsa

Achemwali, mwafunsa ngati amayi anu aziyenda pamsewu kapena m'njira ya oyenda pansi ndi scooter yawo, kanjinga ka batire kothandiza anthu ovutika kuyenda. Ndawerenga mayankho amene ena akupatsani, ndipo ena mwa iwo akulankhula ngati anthu oti sanakhalepo pampando wa scooter. Zoti amayi akangopewa msewu n'kumayenda m'njira ya oyenda pansi ndiye kuti atetezeka, ayi ndithu. Mwati ali ku UK ndipo mwangowagulira kumene, ndiye mvetserani, chifukwa ine phewa langa mpaka lero silikwera bwino.

Kunali kukuwaza mvula, kutayamba kuda. Ndikuyenda bwinobwino m'mbali mwanga, pang'onopang'ono. Ndikufika pamphambano, ndikupeza vani yonyamula katundu yakwezeka matayala awiri pamwamba, yatseka ndendende pamalo potsetsereka paja, pamene anatsitsa simenti kuti ife a mipando ya matayala ndi a ma scooter tizitsikirapo. Mpata umene anasiya pakati pa vaniyo ndi khoma, ngakhale mayi wokankha mwana sakanadutsa. Ndinaliza hutala. Mukuidziwa hutala ya zinthu zimenezi, kulira kwake ngati kamwana ka mphaka, palibe anatuluka. Kubwerera kunali kutali, magetsi a batire atatsika kale kufika pofiira, zala zitauma ndi kuzizira. Ndinaona kuti palibe kuchitira mwina, nditsikire pomwe simenti ili yaitali kutsogolo kwa vaniyo.

Aliyense amakuuzani kuti potsika muzilunjika, matayala akumbuyo atsike limodzi. Ndikanalunjika bwanji poti malo okhotera anali atadyedwa ndi galimoto? Ndinatsika chopingasa. Yanga inali ya matayala atatu. Lakutsogolo linatsika, lakumbuyo limodzi linatsika, linalo linatsala m'mwamba, ndipo ndinangomva mpando ukundichoka pansi. Phiii! Ndili gone pa tala, mwendo wanga wofooka uli pansi pa scooter, tsaya m'madzi, magetsi a magalimoto akundiwalira m'maso. Jekete linakola kachitsulo koyendetsera, ndiye tayala lam'mwamba lija likungozungulira, kachinthuko kakukwekwereza pa bondo langa. Ndikufuna kufikira kiyi, dzanja silikumva. Zimene ndinkaganiza panthawiyo n'zoti galimoto yokhota siindiona, chifukwa vani yomweyo inali itandibisa. Mayi wina amene sindimudziwa ndiye anathamanga, kuzimitsa kiyi, n'kuima pamsewu atatambasula manja kuimitsa magalimoto. Mulungu amudalitse kumene aliko.

Ndiye mwini vani uja anatulukira, foni ili kukhutu. Mukudziwa chimene anayamba kuyang'ana? Bampala. Anawerama, kusisita ndi chala kuona ngati ndamukandira penti, ine ndili pansi pomwepo. Kenako akuti zinthu zimenezi siziyenera kumapezeka pamsewu, ndiponso iye wangoima mphindi ziwiri zokha. Mphindi ziwiri! Onse amatero. Wobweretsa katundu mphindi ziwiri, wokatenga mwana mphindi ziwiri, wosiya bini pakati panjira mphindi ziwiri. Pepani sanandiuze. Anakwera n'kumapita ndisanadzuke n'komwe. Nditaimbira kampani yake anandiyankha mokoma kwambiri, akuti tafunsa dalaivala wathu, wati anaima pamalo oyenera, kodi muli ndi chithunzi? Munthu wagona pa tala ajambula ndi chiyani? Chikhalirecho Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, pa lamulo 243, imanena poyera kuti osaimika galimoto pamene simenti yatsitsidwa kuti a mipando ndi a ma scooter adutse. Ku London kuimika galimoto m'njira ya oyenda pansi kunaletsedwa kalekale mu 1974, ku Scotland anakhazikitsa lamulo lotero mu 2019, koma m'madera ambiri a England anthu amangokweza matayala mmene afunira.

Sizinathere pompo. Anyamata awiri anandithandiza kudzuka, anthu abwino ndithu, ndipo kuti akankhe scooter kuibwezera pamwamba, mmodzi anakoka kachitsulo ka kumbuyo kaja komasula injini. Sanakabwezere. Achemwali, ichi muwauze amayi lero lomwe: kachitsulo kameneko kakamasulidwa, mabuleki kulibe. Mabuleki a scooter si opondera, amagwira okha mukangosiya kachitsulo koyendetsera, koma injini ikamasulidwa amaleka kugwira. Ine kungokhala pampando, pamalo potsetsereka, ndinayamba kubwerera chambuyo kulowera kumsewu komwe ndachokako. Anachita kundigwira pa jekete.

Tsono poti mwafunsa zoti aziyenda pati, yambani mwaona kuti mwagula ya mtundu wanji. Ku UK zilipo za magulu awiri. Class 2 siipitirira mamailosi 4 pa ola, pafupifupi makilomita 6, ndipo ndi ya m'njira ya oyenda pansi. Pamsewu imaloledwa powoloka kapena pamene palibe njira ina. Class 3 imafika mamailosi 8 pa ola, imaloledwa pamsewu, imayenera kulembetsedwa ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, ndipo iyenera kukhala ndi magetsi, maindiketa, hutala ndi galasi loonera kumbuyo. Koma nayonso ikakwera kwa oyenda pansi ibwerere pa 4, pali kabatani kake. Laisensi safuna. Pa motorway, msewu waukulu wa magalimoto othamanga, ayi, m'njira ya mabasi ayi, m'njira ya njinga zokhazokha ayi. Pamsewu muziyenda mbali imene magalimoto akulowera, osati moyang'anizana nawo monga achitira woyenda pansi.

Ine ndinganene kuti amayi akhale m'njira ya oyenda pansi momwemo. Inde ndikudziwa zimene ndangokamba. Komabe kugwa n'kugundidwa ndi lole n'zosiyana. Pamsewu umakhala pansi kwambiri, woyendetsa galimoto yaikulu sakuona, makamaka pokhota ndi pamaraundabauti. Anzanga ena amalumbira kuti msewu ndiye wabwino poti ulibe mabini, mizu ya mitengo ndi simenti yosweka, ndipo masiku ena ndimagwirizana nawo. M'timisewu ta phee ndimatsikira ndithu. Koma munthu wongoyamba kumene, ayi.

Ndipo tisanamizane, nafenso a ma scooter tili ndi mbiri yoipa, ndipo ina ndi yoona. Ndaonapo madala akudutsa pakhomo pa sitolo ali pa liwiro lonse, osayang'ana ndi kumbali komwe. Chinthu chimenechi n'cholemera, za Class 3 zimaloledwa kufika makilogalamu 150 musanakwerepo inu, ndiye chikagunda kakolo wa gogo kapena mwana wothamanga, fupa limathyoka. Sichimveka chikamabwera. Munthu wosaona, wosamva, kapena wachinyamata amene watseka makutu ndi nyimbo sadziwa kuti muli kumbuyo kwake. Oyenda pansi ndiwo eni njira, lamulo limatero. Pagulu kapena m'sitolo, tembenuzirani kabatani ka liwiro ku chithunzi cha kamba, muiwale za kalulu. Kunena ndi pakamwa kuti ndidutse nawo kumagwira ntchito kuposa hutala, chifukwa hutala imadzidzimutsa munthu n'kudumphira komwe mukupita inuyo.

Musawalole kukangana ndi anthu panjira, sizithandiza, zimangokweza BP. Akapeza galimoto yatseka, abwerere akafune potsikira pena ngakhale pakhale patali. Koma ajambule kaye. Nambala ya galimoto, dzina la kampani, ndi pamene yaima, kenako atumize ku khonsolo. Dalaivala akakhala pomwepo amuuze modekha, osakangana naye.

Zina ndingotchula mothamanga. Masiku oyamba muziyenda nawo, muyambire pamalo opanda anthu, aphunzire kuima, kubwerera chambuyo ndi kukhota mosathamanga. Akaima kuti acheze ndi munthu azizimitsa kiyi, chifukwa mkono wa juzi kapena lamba wa chikwama akangokola kachitsulo kaja, yanyamuka. Zikwama asakoloweke pachiwongolero. Batire azitchaja usiku, ndipo adziwe kuti kukazizira kapena pokwera mtunda imatha msanga kuposa mmene kabuku kakunenera. Madzulo avale chowala, magetsi aziyatsa. Maso akapimitse: malangizo a boma amati uziwerenga nambala ya galimoto uli pa mamita 12.3. Ngati amamwa mankhwala ogonetsa, afunse adokotala. Inshuwalansi lamulo silikakamiza, koma dulani, chifukwa tsiku limene adzagunde munthu kapena kukanda galimoto ya wina ndi pamene mudzaifune.

Simunanene kuti ndi ya matayala angati. Ngati ndi atatu ndipo azidzayenda panja kawirikawiri, funsani ogulitsawo ngati angakusinthireni ya anayi nthawi yobweza isanathe. Ya atatu imakhota bwino m'nyumba ndi m'sitolo, koma pamalo opendekeka siichedwa kugudubuka. Ikani chithunzi chake apa tione, pamodzi ndi kabuku kake, patsamba lonena kutalika kwa simenti imene ingakwere.