Ukufuna za nyenyezi? Yamba wagwirizana ndi masamu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana amene akumaliza sekondale. Akuti anawerenga za gamma-ray burst (kuthwanima kwamphamvu kochokera ku nyenyezi yakutali imene ikufa) imene satelayiti ya SVOM inaona pa 14 Marichi 2025, ndipo chiyambire tsikulo mtima wake uli kumwamba. Akufuna kudzagwira ntchito ku NASA, bungwe la United States loona za m'mlengalenga. Bambo ake akuti zimenezo n'zachibwana, akhale dokotala basi. Kumapeto kwenikweni, ngati kanthu kosafunika, wavomera kuti masamu amamuzunguza mutu. Makalata otere ndawerenga ambiri, ndipo vuto limabisala mu mzere womalizawo.

Mwana wanga, tiye tione zimene zinachitikadi. SVOM, ya China ndi France, inangoliza belu: kuwala kwamphamvu kwa masekondi pafupifupi 10, kenako zii. Telesikopu ya Swift inaloza malo enieni. Mtunda wake anaupeza ndi Very Large Telescope ya ku Chile, pomwaza kuwalako monga umachitira utawaleza. Haidirojeni amasiya chizindikiro pa mananomita 121.6 (muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala). Apa chinapezeka cha m'ma 1,010, chifukwa chilengedwe chakhala chikufutukuka n'kumatambasula kuwalako m'njira. Gawa nambala yachiwiri ndi yoyamba, uchotse 1, upeza 7.3. Imeneyo ndiyo redshift, muyeso wa mmene kuwala kwatambasukira, ndipo ikutiuza kuti nyenyeziyo inafa chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 730 miliyoni zokha. Telesikopu ya James Webb inadzaona supernova yake, kutanthauza kuphulika kwa nyenyeziyo, mu Julayi.

Waona? Palibe anasuzumira pagalasi n'kumasirira kukongola. Ndi manambala, usiku wonse pakompyuta, kuchotsa phokoso mu data. Kasamu ndakupatsaka ndiye kophweka kuposa tonse. Ngati kakunyong'onya, usadzinamize: ukukonda zithunzi, osati ntchitoyo.

Za NASA ziike pambali kaye, poti ntchito zake za boma amalemba nzika za United States. Njira yeniyeni ndi digiri ya fizikisi kapena masamu, kenako masters, kenako PhD, ndipo malo ndi ochepa. Komabe fizikisi ndimaikhulupirira. Ukaphunzira Python, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta, pambali, ngakhale nyenyezi zitakukana, luso losanthula data silikusowetsa kolowera. Data ya matelesikopu a Swift ndi Fermi ili poyera pa intaneti, aliyense akhoza kuikopera. Unayesapo, kapena umangogawana zithunzi pa Facebook?

Inu bambo, ndikulemekezani, koma mwana si munda woti mubzalemo maloto anu amene sanamere. Udokotala wokakamiza umatulutsa dokotala wokwiyira odwala. Ndiponso udokotalawo masamu ndi fizikisi umafunanso.

Tsono iwe, teremu ino khala pansi ndi aphunzitsi ako a masamu, uwauze poyera pamene umasochera. Magiredi akakwera, undilemberenso tikambe za mayunivesite. Munthu wofunsa za kuwala kumene kwayenda zaka 13 biliyoni sindingamutaye msanga.