Mwana wa bulu wamasiye musamulere ngati thole

Bambo wina wa ku Katete wafunsa kuti: "Bulu wa mnansi wanga anagundidwa ndi lole pamseu wa Great East, n'kusiya mwana wamasiku ochepa. Mwini wake anati ndimutenge. Ndikumupatsa mkaka wa ng'ombe koma watsegula m'mimba. Nditani?"

Bambo, vuto ndi mkakawo. Mkaka wa bulu ndi wamadzimadzi, mafuta ake ndi ochepa, koma uli ndi shuga wambiri. Wa ng'ombe ndi wolemera mafuta, ndipo m'mimba mwa kabulu simungaugaye bwino. Ngati kwanuko kuli bulu wina woyamwitsa, yesani ameneyo poyamba: mumugwire, kamwanako kayamwe inu mulipo, chifukwa masiku oyamba amakankha ndi kumenya mateche. Akasowa, mkaka wa mbuzi ndiwo umalandiridwa bwino. Wa ng'ombe ukhale womaliza, ndipo muukonze. Uwiritseni, uzizire, yengulani mafuta oyandama pamwamba, kenako thirani gulukosi wokwana magalamu 20, ngati timasupuni ta tiyi tinayi, pa lita iliyonse. Ndikunena gulukosi wogula kogulitsa mankhwala. Shuga wa tiyi ayi, amangowonjezera kutsegulako. Pomwetsa ukhale wofunda, woti mukadontheza padzanja sukuotcha.

Kamwana kolemera makilo 15 kayambe ndi lita imodzi ndi theka patsiku, muzionjezera pang'onopang'ono mpaka malita atatu. Musakapatse zonse m'mawa n'kupita kumunda. Kwa mayi wake kamayamwa pafupipafupi usana ndi usiku, choncho sabata yoyamba ndi theka la kapu maola awiri aliwonse, ndi usiku womwe. Apa ndi pamene ambiri amagonjera, ndiye gawanani ntchitoyi pabanja. Kamwe kataimirira, botolo lili m'munsi pang'ono kuti mutu usadzuke kwambiri. Mukakathira mkaka kukhosi kali chigonere, mkakawo umalowa m'mapapo ndipo chibayo chimakatenga. Kakazolowera, viikani zala mumkaka, kayamwe zalazo, inu muzitsitsa dzanja mpaka mlomo ufike m'mbale. Kakadziwa kumwa m'mbale ntchito yapepuka.

Mwayi wanu ndi woti kanayamwako mkaka woyamba wachikasu uja. Umenewu umateteza ku matenda, ndipo thupi limaulandira m'maola 24 oyamba okha. Kamene sikanaulawe n'komwe kafunika a zaziweto tsiku lomwelo. Inunso, mukaona kuti kaleka kumwa, maso alowa m'kati, mchombo watupa kapena mawondo atupa, musadikire kuti kucha. Pamchombo pakani ayodini, ndipo mufunse za jekeseni ya kafumbata, chifukwa abulu ndi akavalo sachedwa nayo.

Mayi wina wa ku Chadiza afunsa ngati bulu woonda, wodzaza nkhupakupa, amene anamutenga kwa achibale angamupopere pamodzi ndi ng'ombe. Amayi, werengani kaye pabotolo. Dipi wokhala ndi amitraz, monga Triatix amene ambirife timapopera ng'ombe, ndi poizoni kwa bulu ndi kavalo: matumbo amaima, chiweto n'kumagubuduka ndi ululu. Chakudya cha nkhuku cha kusitolo nachonso musamupatse, mwina muli mankhwala otchedwa monensin amene amawononga mtima wake. Ndipo chifundo chisakupangitseni kumuthirira gaga wodzaza ndowa. Chiweto chimene chakhala ndi njala nthawi yaitali chiyambe ndi udzu, masangwe a nshawa ouma bwino opanda chuku, madzi oyera, gaga wa m'manja basi. Za njoka zam'mimba ndi zilonda za pamsana a zaziweto aone okha.

Amene muli cha kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe ndi mbali zina za Nyimba, kumbukirani kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Bulu amapirirako, koma kavalo safika patali, ndipo nthawi ya dzinja palinso matenda a akavalo ofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma madzulo. Wina akakupatsani kavalo kwaulere, yambani mwawerengera mtengo wa katemera ndi khola lotchinga.

Ndibwerere kwa bambo a ku Katete, pali ziwiri zatsala. Kupatsana pakamwa kuli bwino lero pamene kamwanako sikakulonjeza kanthu. Kakadzakula n'kuyamba kukoka ngolo, adzukulu a mnansi wanu adzakumbukira kuti mayi wake anali wawo. Pitani nonse kwa amfumu, mulembe kalata pali mboni, ndipo ngati mukasamutsa kupita dera lina mutenge chilolezo kwa a zaziweto ndi apolisi, chifukwa mlandu wakuba ziweto kuno ku Zambia ndi wolemera. China, musakalere pakhonde ngati mwana wanu. Kabulu kokulira m'manja mwa anthu okhaokha kamadzakhala koluma ndi kosamva. Kazikhala ndi bulu wina wofatsa, ngakhale mbuzi, kaphunzire kudya udzu. Mkaka muleke pa miyezi inayi kapena isanu, koma pangolo kasamangidwe kasanakwane zaka zitatu.