Bonongwe wa m'mbali mwa msewu ku Johannesburg: tithyole kapena timusiye?

Mayi wina wa ku Rosettenville andilembera imelo sabata yathayi. Akuti mvula ikangogwa, bonongwe ndi chisoso zimamera mbwee m'mbali mwa msewu umene amadutsa popita kokakwera takisi, ndipo mtima umawapweteka kuona ndiwo zikungopondedwa pamene iwo sipinachi akugula ndi ndalama. Akufunsa ngati angathyole n'kukaphikira ana. Akufunsanso mmene angalimire masamba akwathu kuseri kwa nyumba ya lendi popanda mankhwala, poti ana awo amakonda mbalame ndi achule obwera pabwalopo.

Mayi, maso anu sanakunamizeni. Bonongwe ameneyo ndi yemwe uja wa kumudzi. Azulu amati imbuya, Asotho amati thepe, ndipo masamba onse otere kuno amangowatcha morogo kapena imifino. Koma wa m'mbali mwa msewuyo musiyeni, chonde. Chimene chikundiopsa ine ndi dothi limene wameramo.

Mzinda uno unakula ndi migodi ya golide kuyambira 1886, ndipo zitunda zachikasu zimene mumaziona cha ku Riverlea ndi ku Soweto ndi zotsalira za migodiyo. M'menemo muli uranium ndi zitsulo zina zapoizoni, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imaulutsa fumbi lake n'kulimwaza m'makomo mwa anthu. Tsono bonongwe ndi wadyera. Zambiri zimene mizu yake yapeza m'dothi, ngakhale zitsulo zapoizoni, amayamwa. Mukatsuka mumachotsa fumbi la pamwamba, koma zimene zadzera ku mizu zimakhala m'tsamba momwemo, ngakhale muwiritse chotani. Onjezanipo utsi wa magalimoto, mankhwala ophera udzu amene amapoperedwa m'mphepete mwa misewu, ndi zonyansa za m'zimbudzi zimene zimatayikira m'mitsinje ngati Jukskei. Masamba a m'mbali mwa madzi otere amanenepa mokopa, koma ine sindingawaike m'mbale ya mwana. Malo osamalidwa ngati Melville Koppies ndi Klipriviersberg ndi okaphunzirako zomera ndi maso basi, kuthyola n'koletsedwa.

Palinso chomera china chimene ndikufuna muchidziwe musanaphike chilichonse chodzimerera. Dzina lake ndi Datura, pa Chiafrikaans amati stinkblaar kapena malpitte. Chimakonda malo omwewo amene bonongwe amakonda, ndipo chikadali chaching'ono munthu wothyola mofulumira akhoza kuchiphatikiza mu dengu. Tsamba lake mukalifinya limanunkha moipa. Chikakula chimatulutsa duwa lalitali ngati lipenga, loyera kapena lofiirira pang'ono, ndi chipatso chaminga. Chimasokoneza mutu ndipo chimapha. Mukachiona pabwalo zulani chisanabereke. Mnadzi nawo, masamba ophika bwino timadya, koma tizipatso take tosapsa, tobiriwira tija, ana asatole.

Tibwere kuseri kwa nyumba kwanuko. Ngati mukukayika dothi lake, makamaka poti kummwera kwa mzindaku migodi yakale ili pafupi, musalimbane nalo. Pezani matumba, zidebe zakale zoboola pansi kapena mabokosi a matabwa, mudzazemo dothi logula ndi kompositi. Izi zimathandizanso pa nkhani ya eni nyumba, chifukwa simukumba bwalo la mwini, ndipo tsiku losamuka dimba lanu limakwera nawo galimoto.

Nyengo ya kuno muiwerengere bwino. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula masamba athu onsewa usiku umodzi wokha. Fesani kuyambira kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, dothi litafunda. Njere za bonongwe n'zazing'ono kwambiri, choncho zisakanizeni ndi mchenga, muwaze pamwamba, osakwirira mozama. Pakatha mwezi mwayamba kupatulira, ndipo zopatulirazo ndiye ndiwo zoyamba. Mukamathyola nsonga zokha amaphukira m'mbali mpaka mvula kutha. Luni ndi wamakani pang'ono. Njere zongokolola kumene sizimera bwino, zimafuna zigone miyezi ingapo, ndiye za chaka chatha ndizo zofesa. Denje amafuna kutentha, ndipo njere zake mukaziviika m'madzi otentha kwa kanthawi kochepa zimamera msanga. Chisoso ndi mwamunaaligone musavutike n'kufesa, zidzabwera zokha. Chisoso mungochithyola chikadali chanthete, chifukwa chikabereka njere zake zimamatirira pa yunifomu za ana ndipo aneba adzadandaula. Matalala a m'chilimwe cha kuno amang'amba masamba, choncho kaneti kotchinga pamwamba n'kofunika ngati mungakwanitse.

Za mbalame ndi achule, ana anuwo akulondola. Pabwalo panga ndinasiya kakona kamodzi kosasesa, kokhala ndi masamba ouma, chipika chowola ndi miyala ingapo. Patsogolo pake ndinaika mbale yosazama ya madzi, yokhala ndi mwala pakati kuti njuchi zisamire. Madziwo ndimasintha pakapita masiku awiri kapena atatu kuopa udzudzu. M'kakona kameneko mumakhala abuluzi ndi achule, ndipo ndiwo amalondera masamba usiku ndi usana. Mbalame zaphokoso zija zotchedwa hadeda zimazokomola mphutsi m'dothi ndi kutola nkhono. Ngakhale chiwala chachikulu chofiira chimene anthu amachiopa, Parktown prawn, chimadya nkhono. Mukathira timibulu tophera nkhono mukuikanso poizoni m'njira ya alonda amenewa, ndiponso ya agalu a aneba. Nsabwe za m'masamba zikachuluka, zitsukeni ndi madzi amphamvu kapena muzifinye ndi zala, kenaka mudikire tizirombo tofiira ta madontho akuda tija, timene timazidya. Inde, masamba ena adzakhala obooka, ndipo apumbwa adzatengako gawo lawo. Ine ndimafesa mopitirira pang'ono n'cholinga chimenecho.

Ngati malo alipo, onjezani zomera ziwiri za dziko lino. Spekboom masamba ake ndi owawasa, amadyedwa aawisi, ndipo kanthambi kake mukangokazika kamagwira, bola pakhale pobisika ku chisanu. Adyo wakutchire, Tulbaghia, masamba ake amakometsa ndiwo ndipo maluwa ake amaitana agulugufe. Mukafuna kuona mmene zomera za dziko lino zimakhalira zikakula, pitani ndi ana ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort.

Mu Malichi musazule zonse. Siyani mitengo iwiri ya bonongwe ndi iwiri ya luni ikhwime, mupukuse njere, musunge mu envulopu pouma. Masamba otsalawo afutseni monga ankachitira agogo: kuwiritsa pang'ono, kukhetsa madzi, kuyanika pa lichero kapena pa thumba loyera, pamalo posafika fumbi. Mpweya wa kuno ndi wouma, masiku ochepa okha mfutso wauma gwa. Nsinjiro zimapezeka ku msika wa ku Yeoville. Mu Julayi udzu wonse utayera ndi chisanu, inu mudzakhala mukutendera luni wa m'chidebe chanu.